Kuonera filimu yakale kunyumba n'kuipatsa malikisi

Mwafunsa momwe mungaonerere mafilimu akale kunyumba n'kuwapatsa malikisi mwachilungamo. Ine ndimachita chonchi.

Choyamba konzani TV. Mafilimu ambiri ojambulidwa chaka cha 1953 chisanafike chithunzi chake ndi pafupifupi 4:3 (magawo 4 chopingasa, magawo 3 choimirira), ndiye musachikoke kuti chidzaze sikirini, nkhope zimafufuma. Mizere yakuda m'mbalimo isiyeni, ndi mmene ziyenera kukhalira. Zimitsani magetsi, foni ikhale kutali.

Kenako onani chaka chomwe inatuluka. Filimu yopanda mawu ya m'ma 1920 musaiyerekeze ndi zamakono. Yang'anitsitsani maso a osewera ndi mithunzi pakhoma, nkhani yonse ili pamenepo.

Ikatha, lembani chinthu chimodzi chomwe chakugwirani mtima. Malikisi mupereke mawa lake, mtima utakhazikika: pa mawebusaiti a mafilimu, IMDb ndi 1 mpaka 10, Letterboxd mpaka nyenyezi zisanu.