Mwaona khoka loletsedwa kapena ngaka ikugulitsidwa? Umu ndi momwe mungakanenere kupolisi

Mwezi wa November ukangolowa, nkhani pamadoko a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota imakhala imodzi: nyanja yatsekedwa. Komabe aliyense wokhala kunyanja amadziwa kuti kukada alipo ena amene amakokabe makoka m'malo osaya, momwe chambo chimaswera. Chambo chimasunga mazira ndi tiana take m'kamwa, ndiye khoka likachikokera kumtunda chimalavula zonsezo pamchenga, ndiwo za chaka chamawa n'kuthera pomwepo. Ambirife timaona, mtima n'kumatiwawa, koma timangokhala chete poopa kudana ndi anansi, kapena posadziwa poyambira. Apolisi sangakhale pa doko lililonse, ndipo milandu yambiri imayamba ndi munthu mmodzi amene anaona n'kukanena bwino.

Choyamba, tsimikizani kuti zomwe mwaonazo n'zoletsedwadi

Apa mpofunika kudekha, chifukwa kunamizira munthu n'koipa. Kutseka nyanja sikutanthauza kuti usodzi wonse waima; wa mbedza, mwachitsanzo, amawedzabe. Lamulo la usodzi la 1997 ndi malamulo ake ang'onoang'ono amaletsa kusodza popanda laisensi, kukoka khoka nthawi yotseka, kuthira katupe kapena mankhwala ena m'madzi, komanso kupha kasawala, chambo chosafika masentimita 15. Neti ya udzudzu si yophera usipa, ndipo maukonde a monofilament (a ulusi umodzi wa pulasitiki, woonekera) ndi oletsedwa. Masiku otsekera amasiyana pakati pa nyanja ya Malawi, Malombe ndi Chilwa, choncho funsani a komiti yoyang'anira usodzi pa doko lanu (Beach Village Committee, BVC) kapena ku ofesi ya Fisheries. Ku Cape Maclear kuli lamulo linanso: madzi a mamita 100 kuchokera pagombe la paki ya Lake Malawi National Park, yomwe idakhazikitsidwa mu 1980, ndi otetezedwa chifukwa cha tinsomba ta m'miyala totchedwa mbuna.

Kumbali ya nyama zakutchire lamulo ndi lowawa kwambiri. Chisinthireni lamuloli mu 2017, wopezeka ndi ngaka, minyanga ya njovu kapena nyanga ya chipembere atha kukagwira ukaidi mpaka zaka 30. Kutchera misampha ya waya m'paki ndi kugulitsa nyama ya m'tchire popanda chilolezo ndi milandunso.

Chachiwiri, lembani zomwe mwaona zisanakuthaweni m'mutu

Kungoti "anthu akuba nsomba uko" sikuthandiza wapolisi. Lembani tsiku, nthawi, dzina la doko kapena mudzi, mtundu wa chida, kuchuluka kwa anthu, mtundu wa bwato ndi zolembedwa pabwatopo. Ngati pali galimoto kapena njinga yamoto yonyamula katunduyo, nambala yake ndiyo yofunika kuposa zonse. Chithunzi cha pa foni chimathandiza, koma jambulani pokhapokha ngati palibe amene akukuonani. Musachiponye pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp. Kutero n'kuwatsina khutu kuti abise katundu.

Chachitatu, musawagwire nokha

Ndikudziwa kuti mkwiyo umakhalapo, makamaka kwa msodzi amene wapachika khoka lake momvera lamulo pamene mnzake akukolola usiku. Koma kumenya munthu, kutentha bwato kapena kung'amba ukonde wake kumasandutsa inuyo woimbidwa mlandu. Opha nyama mozemba ena amayenda ndi mfuti ndi mikondo.

Pa ngaka ndichenjeze mwapadera. Musayerekeze kukhala wogula kuti muwakole, ndipo musaitengere kunyumba poti mukuipulumutsa, chifukwa apolisi akakupezani nayo kudzakhala kovuta kufotokoza. Mukaipeza m'munda itadzipinda ngati mpira, ndiye kuti yachita mantha. Isiyeni pomwepo, thamangitsani agalu, muimbe foni. Nyamayi imadya nyerere ndi chiswe basi, ndipo ikatsekeredwa m'thumba masiku angapo imafooka n'kufa.

Chachinayi, kanenni poyenera

Pitani ku polisi yomwe muli nayo pafupi, ngakhale itakhala yaing'ono. Ngati ili kutali, a community policing a m'mudzi mwanu amakhala ndi nambala za apolisi a m'deralo. Nkhani za panyanja zimayenda msanga mukadziwitsanso a BVC ndi a Fisheries, poti iwowa ndi amene amadziwa kuyeza maso a ukonde ndipo amayendera limodzi ndi apolisi polondera, kuphatikizapo apolisi a pamadzi a ku Monkey Bay. Za nyama, dziwitsaninso a nthambi ya National Parks and Wildlife. Okhala kufupi ndi Liwonde, Majete kapena Nkhotakota atha kuuza alonda a m'paki, omwe amagwira ntchito pansi pa African Parks, bungwe loyendetsa mapakiwa.

Mukafika pakauntala, pemphani kuti nkhani yanu ilembedwe m'buku la OB (Occurrence Book, lolembamo nkhani zofika kupolisi), mufunse dzina la wapolisi amene wakulandirani. Ngati mukuopa, nenani poyambirira pomwe kuti dzina lanu lisatchulidwe kwa oganiziridwawo. Kukanena mlandu salipiritsa.

Amfumu musawalambalale. Ku chilumba cha Mbenji ku Salima, a Senior Chief Makanjira ndi anthu awo akhala akutseka okha usodzi nyengo ya dzinja kwa zaka zambiri, ndipo malowa amadziwika ndi utaka wochuluka. Mfumu ikakhala mbali yanu, wonena sasalidwa m'mudzi.

Chachisanu, itsatireni nkhaniyo

Pakapita masiku angapo bwererani mukafunse pomwe zafika. Mukaitanidwa kukhoti kukachitira umboni, pitani, mukanene zokhazo zomwe maso anu adaona. Milandu imatha kuthera m'malere chifukwa mboni sizinabwere. Mukaona kuti khoka lolandidwa dzulo labwerera kwa mwini wake mosadziwika bwino, kaonaneni ndi mkulu wa polisiyo. Zikakanika, kuli Independent Complaints Commission yomwe imamva madandaulo okhudza apolisi, ndipo za ziphuphu n'za Anti-Corruption Bureau.

Nanga wogwidwayo akakhala m'bale wanu?

Izi zimachitika, poti alovi ambiri ndi anyamata ongolembedwa ganyu, mwini khoka ali phee kumtunda. Wogwidwa ali ndi ufulu wouzidwa chifukwa chomwe wamangidwira komanso wokaonekera kukhoti pasanathe maola 48. Belo ya kupolisi ndi yaulere. Musapereke "kangachepe" kwa wina aliyense pagombe. Chindapusa chenicheni chimabwera ndi lisiti ya boma, ndipo lisitiyo muisunge. Ngati mlandu ndi waukulu, monga wa ngaka kapena minyanga, ndipo ndalama za loya palibe, pitani msanga ku Legal Aid Bureau mlandu usanayambe kuzengedwa.