Anapiye Atsopano M'khola Lakale: Gwero la Nthenda ya Marek

Chiyambireni Okutobala ndakhala ndikuitanidwa m'makola angapo kukaona misoti ya miyezi itatu kapena inayi itagwa pansi, mwendo wina utaloza kutsogolo wina kumbuyo, phiko lili lende, ikulephera ngakhale kufika pomwera madzi. Eni ake onse akuti ndi chitopa, koma tikatumbula yakufayo tikupeza chiwindi chotupa chokhala ndi timibulu totuwa, kapamba atakula, ndiponso mtsempha wa m'ntchafu utanenepa kuposa wa mwendo winawo. Imeneyi ndi nthenda ya Marek, khansa ya nkhuku yobwera ndi kachilombo, imene dokotala wa ziweto wa ku Hungary, József Marek, anailongosola mu 1907. Ndikafunsa kumene anapiyewo anagona sabata yawo yoyamba mu Juni, yankho likumakhala limodzi: m'khola lomwelo la nkhuku zazikulu, pakona potchinga ndi makatoni, mazenera atatsekedwa ndi masaka kuopa chisanu.

Kachilomboka sikadzera m'dzira ayi. Kamatuluka ndi tizikhungu touma tochokera patsinde pa nthenga, kamakhala kamoyo m'fumbi ndi m'utuchi kwa miyezi yambiri, ndipo thadzi looneka lathanzi limatha kukafalitsa moyo wake wonse. Mwanapiye amakapuma ndi fumbilo thupi lake lisanakonzeke.

Nkhuku, monganso munthu, ili ndi maselo oyera a m'magazi otchedwa natural killer, kapena NK mwachidule, amene akatswiri a ku Stockholm ndi ku America anawazindikira mu 1975. Selo lililonse labwino limakhala ndi chizindikiro kunja kwake chosonyeza kuti ndi la mwini thupi. Selo limene lalowedwa ndi kachilombo, kapena layamba kusanduka khansa, kawirikawiri limabisa chizindikirocho pozemba asilikali ena a m'thupi, ndipo kusowa kwa chizindikiroko ndiko kumene selo la NK limasakasaka. Likalipeza limalikakamira, n'kuliboola ndi puloteni yotchedwa perforin, n'kulowetsamo mapuloteni ena otchedwa granzyme amene amalipha lisanachulukane kukhala chotupa. Vuto ndi lakuti mwa mwanapiye wa masiku ochepa maselo amenewa amakhala asanakhwime. Katemera woperekedwa koswetsera tsiku loyamba amawadzutsa pamodzi ndi asilikali ena a m'thupi otchedwa maselo a T, koma amafuna sabata imodzi kapena ziwiri kuti agwire, choncho mwanapiye akapuma fumbi la khola lakale pa tsiku lachiwiri, kachilombo kamafika katemera asanakhazikike.

Chondiwawa ndi chakuti mlimi sadziwa kuti waluza mpaka atadyetsa. Msoti umodzi umatha pafupifupi makilogalamu 6 a chakudya usanaikire dzira loyamba, osawerengera makala a mbaula ndi tulo timene munataya, ndipo umapuwala nthawi yomwe mumati muyambe kutola mazira.

Mayi wina anandilandira ndi pepala m'manja losonyeza kuti anapiye ake anabayidwa katemera. Anati, "Alangizi, agogo athu ankagoneka nkhuku zonse pamodzi, nanga lero thadzi lasanduka mfiti ya anapiye?" Pansi pa chomwera panali zikopa za makapisozi ofiira amene anakhala akusungunulira m'madzi kwa masabata awiri, pamodzi ndi alovera ndi tsabola. Ndinawauza kuti agogowo sankatsekera nkhuku mazana m'chipinda chopanda mphepo, komanso kuti makapisozi sapha kachilomboka ndipo sasungunula chotupa. Chizolowezi chimenechi chatidyera ndalama mokwanira, ndipo ndatopa kuchipeza khola ndi khola. Anandifunsanso ngati ndingadonthezere katemera m'maso mwa zotsalazo monga timachitira ndi katemera wa chitopa wotchedwa I-2, koma wa Marek ndi wobaya, mitundu yake yambiri imasungidwa mu nayitirojeni wamadzi, ndipo pa miyezi inayi nthawi yake inapita kale.

Amene mukuitanitsa anapiye ena, funsani ngati anabayidwa katemera wa Marek, ndipo muwasunge m'chipinda chawochawo kutali ndi nkhuku zazikulu kwa masabata osachepera atatu. Chotsani utuchi wonse wakale, sesani fumbi la m'denga ndi pa waya, tsukani, thirani mankhwala, khola likhale lopanda kanthu masabata awiri. M'mawa muziyamba kwa anapiye musanalowe kwa zazikulu. Musawapatse gaga wachuku, musaphonye katemera wa Gumboro popeza chuku ndi nthenda ya Gumboro zimafooketsa chitetezo, ndipo zopuwalazo zichotseni lero, muzikwirire mozama.