Kapezedwe ka prime signature ya nambala

Mwafunsa kuti prime signature ya nambala imapezeka bwanji eti? Tiyeni titenge 90. Choyamba igaweni mpaka mutsale ndi ma prime okhaokha (manambala oposa 1 amene amagawika ndi 1 ndi iwo eni basi): 2 × 3 × 3 × 5. Kenako muone kuti prime iliyonse yabwera kangati, 3 yabwera kawiri pomwe 2 ndi 5 kamodzikamodzi, ndiye signature yake ndi 2, 1, 1 basi, ma prime eni akewo musalimbane nawonso.

Apa ndi pomwe ine zimandikoma kwambiri. Mukafuna nambala yaing'ono kwambiri ya signature yomweyi, prime yobwera kawiriyo ikhale 2, zinazo 3 ndi 5, mupeza 2 × 2 × 3 × 5 = 60. Manambala otere, aang'ono kwambiri pa signature iliyonse, amatsatana chonchi: 1, 2, 4, 6, 8, 12, 16, 24, 30, 32, 36, 48, 60. Komanso taonani, manambala ogawa 60 osatsala kanthu alipo 12, ogawa 90 aliponso 12, popeza signature yawo ndi imodzi.