Momwe mungasiyanitsire "ship" ndi "sheep" polankhula Chingerezi

Ku pulayimale tinaphunzira kuti malembo a liwu alipo asanu: a, e, i, o, u. M'Chichewa ndi m'Chitumbuka zimenezi n'zoona. Koma Chingerezi cha ku Britain chili ndi maliwu otere pafupifupi 20, ndiye ife timawapanikiza onsewo m'maliwu athu asanu aja. N'chifukwa chake "hat", "hut" ndi "heart" timangotchula chimodzimodzi, "bird" n'kumamveka ngati "bed".

Choyamba sankhani mawu awiriawiri osiyana liwu limodzi lokha: "ship" ndi "sheep", "full" ndi "fool", "man" ndi "men". Magulu atatu pa sabata akwana. Tsegulani Cambridge Dictionary pa foni, mupeza mabatani omvera katchulidwe ka mawu, la UK ndi la US. Sankhani limodzi n'kukakamira pomwepo, osasakaniza. Kumvera mawu amodziamodzi sikudya bandulo, chimene chimamaliza ndi mavidiyo a YouTube. Mahedifoni mugule abwino. Anga oyamba ndinatola otchipa pa benchi ina m'tauni, khutu limodzi linafa patangotha masiku atatu. Komanso aja amatsatsa pa WhatsApp kuti mulankhula ngati mzungu m'masabata awiri, asiyeni. Mnzanga wa ku Chibavi analipira, anangomutumizira zinthu zomwe zili zaulere pa BBC Learning English.

Tsopano pamene ine ndinataya miyezi iwiri. Ndinkayesa kuti "live" ndi "leave" zimasiyana kutalika basi, choncho lina ndinkalikoka, lina n'kumalidula. Tsiku lina ndikufunsidwa mafunso a ntchito pa foni ndi mayi wina wa ku England, ndinawauza kuti ndimakhala ku Luwinga. Iwo anamva ngati ndikuchokako, n'kundifunsa kuti ndikusamukira kuti. Zinandiwawa, chifukwa ndinali nditayeserera kwambiri.

Nkhani yake ndi iyi: "i" wathu ndi wa "leave" kale, ameneyo simufunika kumuphunzira. Amene tilibe ndi wa "live". Kuti atuluke, milomo isamwetulire, nsagwada zimasuke, lilime litsike pang'ono, liwu ligwere pakati pa "i" ndi "e". Kutalika kumanyenga. Tamverani "seat" ndi "seed": liwu ndi lomwelo, koma mu "seat" limafupika chifukwa cha "t" wakumapetoyo. Ndiye mukadalira kutalika, musochera ngati ine.

Galasi ndi limene linandithandiza. Potchula "sheep" mano aoneke ngati mukujambulitsa chithunzi, potchula "ship" pakamwa pakhale polobodoka ngati munthu wotopa. Ine ndinkachita zimenezi m'mawa uliwonse m'nyengo yozizira ya June, ndikudikira madzi osamba atenthe pa mbaula. Mphindi 10 zokha, koma osadumphitsa tsiku.

Kenako dzijambuleni mawu. Tchulani mawu 10 mosakaniza, tumizani kwa mnzanu wodziwa Chingerezi, iye alembe zimene wamva. Musamuuze mayankho. Akalemba "fool" pamene munati "full", bwererani pagalasi.

Enawo njira yake ndi yomweyi. Pa "man" tsegulani pakamwa kwambiri kuposa pa "men". M'katchulidwe ka UK, pa "walk" milomo izungulire ndipo "l" satchulidwa, pa "work" milomo ingokhala phee, lilime pakati. Mukafika apa yambani kuwaika m'ziganizo zathunthu.