Mmene mungatsutsire ganizo loopsa popanda kulifalitsa

Ganizo loopsa silisankha wolinyamula, pakuti wolikhulupirira ndi wolitsutsa onse amalifikitsa kwa anthu amene anali asanalimve. M'chaka cha 1977, akatswiri a maganizo Hasher, Goldstein ndi Toppino anasonyeza kuti munthu akamva mfundo mobwerezabwereza amayamba kuiona ngati yoona, ngakhale ili yabodza. Choncho musanatumizire anzanu uthenga woipa n'cholinga chowachenjeza, yambani mwadzifunsa kuti wafika kale kwa anthu angati.

Ngati sunapite patali, usiyeni ufere pomwepo. Muuzeni pambali amene wakutumiziraniyo kuti uthengawo ndi wabodza, kenako muufufute. Kuuyankha pagulu pa Facebook n'kuupatsa mphamvu, chifukwa tsambali limaonetsa kwa anthu ambiri uthenga umene ukukopa ndemanga, zaukali ndi zoyamikira zomwe.

Komabe kukhala chete sikuthandiza bodza likafika pakamwa pa aliyense. Nkhani yabodza ya dokotala wa ku Britain, Andrew Wakefield, yonena kuti katemera wa chikuku ali ndi mbali pa vuto la autism (vuto la kakulidwe ka ubongo limene limachititsa mwana kuvutika kulankhula ndi kucheza ndi anthu) inatuluka mu magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 1998, ndipo pamene inkachotsedwa mu 2010 makolo ambiri anali atayamba kale kuopa katemerayo. Bodza lotere liyenera kuyankhidwa, koma mwadongosolo. Yambani ndi choonadi, tchulani bodzalo kamodzi kokha m'mawu anuanu, fotokozani pamene likulakwika, kenako mubwererenso ku choonadicho. Musaphatikizepo chithunzi kapena kanema wake, pakuti ambiri amangoona chithunzi osawerenga zimene mwalemba pansi pake.

Nkhani za kudzipha ndi zauchigawenga n'zimene zimafuna kusamala kwambiri, chifukwa anthu ena amatengera tsatanetsatane wake. Mumzinda wa Vienna ku Austria, atolankhani atapatsidwa malangizo mu 1987 oti asamatukule nkhani za anthu odzipha pa sitima zapansi pa nthaka, imfa zoterezi zinatsika kwambiri. Nenani kuti munthu wamwalira ndipo tchulani kumene ovutika maganizo angapeze thandizo, koma njira imene anagwiritsa ntchito muisiye. Chimodzimodzinso ndi chigawenga: anthu 51 ataphedwa m'mizikiti ya mumzinda wa Christchurch ku New Zealand mu 2019, nduna yaikulu ya dzikolo pa nthawiyo, Jacinda Ardern, anakana kutchula dzina la wakuphayo. Mungathe kufotokoza zimene zachitika ndi kutchula ophedwawo popanda kugawa kanema kapena zolemba zimene wachiwembuyo anakonzeratu kuti zifalikire.