Mmene ndimapangira wigi ya chidole ndi meshi yotsala ku saluni

Zidole za pa kaunjika zambiri thupi limakhala lilibe vuto, nkhope yokongola bwinobwino, koma tsitsi ndiye ayi ndithu, lomangana ngati chisa cha mbalame, pena mwini wake woyamba uja analidula ndi sizasi mpaka dazi kumaoneka. Ine ndinagulira chotere mwana wa achemwali anga, nde atachiyang'anitsitsa anangoti anti ndikufuna chikhale ndi tsitsi lakuda ngati langa. Apa mpomwe ndinayambira zopanga mawigi a zidolezi, ndipo yoyambayo inatuluka ngati mopu kkkk, koma pano dzanja linazolowera.

Chimene ndinaphunzira mochedwa nchakuti wigi si tsitsi ayi, wigi ndi kachisoti kamkati kaja komwe tsitsi limamatidwapo. Kachisoti kakakwana bwino m'mutu ndekuti mwamaliza theka la ntchito, kakakhala kokhwepa olo mumatepo tsitsi lodula bwanji izingovuka basi.

Zofunika zake nzambiri zoti muli nazo kale pakhomo. Kansalu kotamuka, kaya sitokingi yakale kaya katisheti kopyapyala, kakakhala ka mtundu wofanana ndi tsitsilo bola. Jumbo yopyapyala, timalabala tomangira ndalama tija, sizasi yakuthwa, tepi ya telala, chipeso, mswachi wakale ndi guluu woyera wa akalipentala uja wolembedwa PVA, amene akauma amaoneka ngati madzi. Super glue ayi chonde, amaumitsa tsitsi gwa ngati waya, komanso akakumana ndi thonje kapena nsalu ya thonje amatentha zenizeni mpaka kukuwotchani chala. Tsitsilo ndimapempha kwa ausisi amene amandiluka, zidutswa za meshi zimene zimangosesedwa madzulo zija, za Darling kaya X-pression zonse zimatheka, chidole sichifuna paketi yonse.

Yambani nkumeta chidolecho mpala. Dulani tsitsi lakale lija mpaka pakhungu, tizitsa tikatsala musadandaule bola tisatukule kachisoti. Ena amaviika mutu m'madzi otentha kuti pulasitiki ifewe, nkuuzula pakhosi, nkumakoka tsitsi chamkati ndi pulayala, zimayera bwino inde koma kachitsulo kaya kapulasitiki kogwira khosi kaja sikachedwa kuthyoka, ine ndinathyolapo kamodzi ndipo mwana analira tsiku lonse, nde ndimangometa basi. Mukatero yezani mutu ndi tepi, mozungulira mutu wonse, kuchokera pamphumi kudutsa pamwamba pa khutu mpaka kunkhongo nkubwereranso pamphumi mbali inayo. Chidole cha saizi ya Barbie chimakhala cha m'ma 10 kapena 11 cm, zikuluzikulu zija zotalika 46 cm mutu wake umafika cha m'ma 27 cm. Muyezowu ukuthandizani kudziwa kutalika kwa mizere ya tsitsi imene mupange.

Tsopano kachisoti. Phimbani mutu wonse ndi jumbo, nkhope yomwe, mumange ndi labala pakhosi kuti guluu asakhudze maso ndi penti ya kumaso. Pamwamba pa jumboyo vekani kansalu kotamuka kaja, mukokere pansi mbali zonse mpaka makwinya onse athawire kumunsi kwa makutu, nkumanga ndi labala wina. Apa khalanipo ndithu, kokani apa kokani apo, chifukwa khwinya limene mwalisiya pamwamba likauma ndi guluu silichokanso ndipo tsitsi limadzatumphuka pomwepo. Kenako pakani guluu ndi chala kapena kaburashi, wochepa chabe, alowe m'nsalu, paliponse pamene tsitsi limamera nkupitirirako pang'ono. Siyani aume, pakaninso, katatu kaya kanayi. Mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo ola limodzi lakwana pakati pa kupaka ndi kupaka, koma mu Januwale ndi chinyezi cha mvula chija ndimasiya usiku wonse. Mukaona penapake padakali poyera ngati mkaka ndekuti mkati simunaume, musakhudze kaye.

Kakauma gwa, jambulani ndi bolopeni malire a tsitsi musanakavule, pamphumi, kuzungulira makutu, kunkhongo, ndipo lembani kachizindikiro mkati kosonyeza kutsogolo chifukwa kakachoka m'mutu kutsogolo ndi kumbuyo kumafanana zedi. Vulani pang'onopang'ono, matulani jumbo ija, dulani motsata mzere. Dulani mosiyako pang'ono, mubwezere m'mutu, muone, mudulenso. Mukapitirira kudula palibe chobwezera.

Tsitsi silimatidwa limodzilimodzi ayi, timapanga kaye timizere ngati mmene imakhalira wivu yogula ija, tsitsi logwirana kumutu kwake. Tsukani kaye meshiyo ndi sopo wotsukira mbale chifukwa ya ku saluni imakhala ndi mafuta ndipo guluu sagwira pa mafuta. Ikauma dulani zidutswa zotalika kuposa mmene mukufunira, kumeta nkomaliza. Yalani jumbo yokhuthala patebulo, tengani katsitsi kochepa, muyale mopyapyala moti tebulo lizionekera pansi, nkupaka guluu kumutu kwake motalika ngati theka la sentimita, mukanikize ndi mswachi kuti guluu alowe pakati pa tsitsi lililonse. Zikauma matulani, dulani kumutuko kuti kuwongoke. Kwa kachidole kakang'ono timizere 12 mpaka 15 timakwana, pangani toonjezera tiwiri titatu poti tina timasosoka.

Ndanena kuti mopyapyala, ndikubwerezanso, mopyapyala. Mopu yanga yoyamba ija vuto lake linali lomweli, ndinkaona ngati tsitsi lambiri ndiye kukongola, osadziwa kuti meshi anapangira mutu wa munthu, pa kamutu konga dzira imangoima njoo osagona.

Ngati meshi palibe, wulu wolukira majuzi uja wa acrylic amagwiranso, ndipo kwa tizidole ting'onoting'ono ine ndimaona ngati amaposa meshi chifukwa ulusi wake ndi wosalala komanso wofewa. Kulungani wulu pa kakatoni, dulani mbali imodzi, mangirirani tizidutswato pa hang'ala, nkuyamba kupesa kuchokera kunsonga kukwera m'mwamba, ndi burashi ya mano a waya ngati muli nayo, apo ayi chipeso cha mano ang'onoang'ono. Wambiri azisosoka, mwina theka lonse, musadabwe ndi mmene zimakhalira, ndipo otsalayo sapitirira 10 kapena 12 cm olo mudule wautali bwanji, nde tsitsi lofika m'chiuno mwa chidole chachikulu ndi wulu iwalani. Zososokazo musataye, nzabwino kupangira afro kapena kuika mu kapilo ka chidole. Kuti awongoke sitani ndi simbi yofunda chabe mutayala kansalu pamwamba, acrylic ndi pulasitiki, simbi ya makala yoyaka bwino imangomusungunula nthawi yomweyo.

Mukafuna tsitsi lopotana, potani panopa musanamate pa kachisoti. Meshi yambiri yolukira ndi ya ulusi wa Kanekalon kapena wofanana nawo, umene umagwira shepu ndi madzi otentha, monga mmene amaviikira nsonga ku saluni akamaliza kuluka. Kulungani pa timitengo kapena timapaipi tomwera zakumwa, viikani m'madzi amene angophulidwa kumene kwa masekondi ngati 15, kenako m'madzi ozizira, musamasule mpaka ziume. Koma kumutu kwa guluu kuja kusalowe m'madzi, PVA akanyowa amafewa nkuyeranso. Nchifukwa chake wigi yathayo siyoviika.

Pomata, bwezerani jumbo m'mutu mwa chidole, vekani kachisoti, muyambire kunkhongo. Mzere woyamba m'mphepete mwenimweni, wachiwiri pamwamba pake motalikirana theka la sentimita, kwa chidole chachikulu sentimita yathunthu, kumakwera choncho ngati mmene amafolerera udzu padenga, wapamwamba kuphimba mutu wa wapansi. Matani mizere iwiri itatu nkupuma kaye kuti igwire, mukathamanga yapansi ija imatsetsereka inu muli kalikiliki pamwamba. Mukafika pa makutu yambani kuzungulira mutu wonse mpaka patsale kampata kakang'ono pa liwombo.

Layini yapakati ndi pamene wigi imaoneka kuti anapanga ndi munthu wodziwa kapena ayi. Tengani timizere tiwiri tabwino kwambiri mwa tonse. Kakumanja mumate chagada, tsitsi lake litaloza kumanzere, kumutu kwake kuli pa layini penipeni, kakauma mulipinde tsitsilo kubwerera kumanja, ndekuti guluu yense wabisika pansi. Kakumanzere chimodzimodzi koma mosemphanitsa, ndipo timizere tiwiriti tigundane ndithu pasaoneke nsalu pakati. Likapindidwa limafuna kudzuka, nde livekeni sokosi yothina usiku wonse, kapena dinani ndi supuni yomwe mwaiviika m'madzi otentha nkuipukuta. Ena amangoboola kachisoti pa layinipo nkulowetsa timizere chamkati, nazonso zimatheka koma kachisoti kamathina pang'ono.

Afro ndiye yosavuta kuposa zonsezi, palibe za layini, mumangomata timipukutu ta wulu wopesa uja mothithikana nkumeta mozungulira. Zoluka zing'onozing'ono nazo zimakongola koopsa pa chidole, kungoti muluke kaye chilichonse pachokha chopyapyala ngati chingwe cha nsapato za mwana, kenako muzimata chimodzichimodzi, ndipo konzekerani kuwawa kwa msana.

Kumeta kudikire mawa lake zonse zitauma. Sizasi iloze m'mwamba, muzidula nsonga pang'onopang'ono, mukadula chopingasa kamodzi nkamodzi zimaoneka ngati tsache. Popesa gwirani kumizu ndi chala.

Mwana wa achemwali uja ali ndi zaka 7 nde wigi ndimangoisiya yovula, ali nazo zitatu amasinthasintha, kachisoti kothina bwino kamakhala kokha popanda chomatira. Koma ngati mwanayo sanakwane zaka 3, kapena ndi uja wosambitsa chidole m'beseni tsiku lililonse, njira ya guluuyi simuyenera, tsitsi lizisosoka nkumathera mkamwa. Ameneyo musokereni wulu wosapesa pa kachisoti ka nsalu ndi singano, ulusi wapawiri, ndipo ngati chidolecho nchansalu kachisotiko musokerere kumutu komweko.