Momwe Mungaphikire Banja Lonse Pamene Wina Chakudya Chimamuwenga

Kuno ku Mangochi tinakulira nsomba ndi ndiwo zotendera, choncho mayi amene mwana wake amatuluka ziwengo akadya usipa, kapena amatupa milomo akalawa nsinjiro, amakhala ndi mtolo wolemera. Pakhomo pomwepo mwina pali agogo odwala shuga ndi bambo a vuto la kuthamanga kwa magazi, pamene mbaula ndi imodzi ndipo makala akwera mtengo. N'zotheka kudyetsa onsewa popanda kuphika miphika isanu, malinga mukonze dongosolo.

Choyamba, dziwani chenicheni chimene chikumuwenga munthuyo. Gulani kope, ndipo kwa milungu iwiri muzilemba chilichonse chimene wadya, nthawi imene wadya, ndi zimene zaoneka pathupi. Chakudya chowenga chimadziulula msanga, kawirikawiri pasanathe maola awiri: khungu limayabwa ndi kutuluka zidzolo zotukusira, zikope ndi milomo zimatupa, ena amasanza. Pitani nalo kopelo kuchipatala kuti adokotala akuthandizeni kusiyanitsa, chifukwa si vuto lililonse la m'mimba limene lili ziwengo. Munthu amene mimba imadzaza mpweya akamwa mkaka nthawi zambiri amangolephera kugaya shuga wa mumkakamo, ndipo ena otere chambiko sichiwavuta. Ndikunenetsa zimenezi chifukwa ndaona makolo akumumana mwana nsomba, mazira, mkaka ndi nyemba nthawi imodzi mongoganizira, mwanayo n'kuyamba kunyentchera chikhalirecho chomuwenga chinali chimodzi chokha.

Mukachidziwa, sinthani kaphikidwe. Lamulo lake ndi lakuti chakudya cha wowengedwayo chiyambe kuphikidwa, chipakulidwe, chivindikiridwe, ndipo chowengacho chilowe mumphika pomalizira. Ngati mukuphika nkhwani, patulani gawo lake masamba akangofewa musanathire nsinjiro. Ngati ndiwo za tsikulo ndi chambo, yambani mwaphika nandolo kapena mazira ake manja ndi mpeni zisanakhudze nsomba. Njira yomweyi imathandizanso odwala ena: patulani ndiwo za bambo a kuthamanga kwa magazi musanathire mchere wambiri, pokumbukira kuti bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku, womwe ndi pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi. Soda wa m'therere nayenso amawerengedwa pomwepo. Agogo a shuga apatseni tiyi wawo musanathire shuga m'ketulo, ndipo nsima yawo ikhale ya mgaiwa, mitanda yochepa ndi masamba ambiri.

Apa ndi pamene ambiri amapunthwa: nthawi zambiri moto supha chowenga. Nsomba yowamba, yofutsa, yokazinga kapena youmika pathandala imawenga chimodzimodzi, ndipo kuchotsa nsomba m'mbale n'kusiya msuzi wake sikuthandiza kanthu. Kachidutswa kosaoneka ndi maso n'kokwanira kudwalitsa munthu. Choncho mupatulireni mbale, supuni, chipande ndi sefuliya yakeyake, muzitsuke ndi sopo, ndipo mangani kansalu pachigwiriro kuti aliyense azizizindikira. Mthiko ndi mtondo, poti n'zosema kuchokera ku mitengo, zimasunga mafuta a mtedza m'ming'alu, kotero mtondo umene mumasinjira nsinjiro usasinjirenso chakudya chake. Mafuta amene mwakazingira utaka musakazingirenso mbatata yake, ndipo pokazinga nsomba mwana akhale kutali, pakuti ena nthunzi yokhayo imawabanikitsa. Mwambo wathu wodyera m'mbale imodzi ndi wokoma, koma dzanja limene lapisa mu nsomba likabwerera pa nsima, nsimayo yakhudzidwa kale. Mupakulireni payekha, akhale nanu pamphasa pomwepo kuti asadzimve wosalidwa.

Chimene mwachotsa chilowedwe m'malo ndi china. Alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya, ndipo gulu lililonse lili ndi zosankha zambiri. Wosadya nsomba apeze mphamvu mu khobwe, nandolo, nyemba, mazira ndi nkhuku. Wosadya mtedza mungamutenderere ndi nthanga za maungu zokazinga n'kusinja mumtondo wake, ndipo phala lake mungathiremo supuni ya mafuta ophikira. Wowengedwa ndi mtedza nthawi zambiri nyemba sizimuvuta, komabe funsani achipatala musanamupatse chinthu chimene sanadyepo.

Zovuta kwambiri zili kunja kwa mpanda. Kuchigayo, anthu ambiri amasakaniza chimanga ndi soya kapena mtedza pogayitsa ufa wa phala, choncho funsani zimene zangogayidwa, ndipo ufa woyamba kutuluka muusunge padera kuti udyedwe ndi ena. Pachiwaya, chipisi chimakazingidwa m'mafuta omwe mwalowa mazira ndi nyama. Mabisiketi ndi maswiti muziwerenga pepala lake nthawi iliyonse, poyang'ana mawu monga peanuts, groundnuts, milk ndi soya. Kusukulu auzeni aphunzitsi ndi amayi ophika phala, ndipo ngati mwana wadwala kunyentchera, auzeni achipatala za ziwengozo asanamupatse chiponde. Ku ukwati, kusadaka kapena pamaliro, munyamulireni chakudya m'kontena.

Achibale afotokozereni mwaulemu koma mosapita m'mbali. Agogo adzati, "Mpatseni pang'ono azolowere, ife tinakula nazo zimenezi." Ayankheni kuti, "Agogo, achipatala aletsa, akalawa angathe kubanika." Kuno timadziwa kale kulemekeza m'bale wachisilamu amene sadya nkhumba, kapena wa Seventh Day amene sadya mlamba ndi kampango, ulemu womwewo upite kwa mwana ameneyu, ndipo iye mwini aphunzitsidwe kufunsa kuti, "Kodi muli nsinjiro?" asanalandire mbale.

Ngozi ikachitika, yang'anani kapumidwe. Zidzolo zokha zoyabwa, piritoni amathandiza. Koma lilime kapena kukhosi kukatupa, mawu akasasa, munthu akayamba kubanika, kusanza mobwerezabwereza kapena kuchita chizungulire, piritoni sangamupulumutse. Akufunika jakisoni wa adrenaline mwamsanga. Musamumwetse mankhwala azitsamba kapena kumusanzitsa, ndipo musamuyendetse wapansi. Mugonekeni, kapena akhale tsonga ngati akuvutika kupuma, n'kuthamangira naye kuchipatala chimene chili pafupi, kaya ndi cha boma pa Mangochi, cha ku Monkey Bay kapena cha ku Malindi. Nambala ya wagalimoto kapena wanjinga yamoto wodalirika ikhale m'foni ya aliyense wamkulu pakhomopo, ndipo dzina la chakudya chowengacho lilembedwe m'buku lake la kuchipatala.